Saizi 12 si imodzi kulikonse

Amayi ambiri amakhulupirira kuti ukadziwa saizi yako, diresi iliyonse yolembedwa nambala imeneyo ikukwana. Si zoona. Mayiko amawerenga mosiyana: saizi 12 ya ku Britain kawirikawiri imakhala 8 ku America, 40 ku France, 44 ku Italy. Tsono pa kaunjika zonsezi zimasakanikirana mulu umodzi. Ngakhale mafakitale a dziko limodzi sadula mofanana.

Chodalirika ndi tepi ya telala. Yezani chifuwa ndi mbina potakata penipeni, chiuno popyapyala, mulembe masentimitawo. Pogula, yalani diresiyo, muyeze m'lifupi, muchulukitse kawiri. Ikathina m'mapewa isiyeni, ngakhale ikongole bwanji. Telala amabweza m'chiuno mosavuta, koma kukulitsa mapewa n'kovuta.