Zotupa zobadwa nazo: zimene sikani imaonetsa

Nthawi zina mwana amayamba chotupa akadali m'mimba mwa mayi ake. Sizichitikachitika, ndipo zambiri mwa zotupazi si khansa. Komabe chotupa chikhoza kuvutitsa chifukwa cha kukula kwake kapena malo amene chamera, n'chifukwa chake kuchidziwa msanga kumathandiza.

Chofala kwambiri ndi chotupa chotchedwa teratoma cha kumunsi kwenikweni kwa msana, chimene chimapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 35,000 mpaka 40,000, makamaka aakazi. Zina zimamera pakhosi, mu impso, m'chiwindi kapena mu mtima.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa mayi woyembekezera kupimidwa ndi sikani kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Sikaniyi ilibe cheza choopsa. Dziwani kuti zotupa zina zimakula mochedwa, moti sikani yoyamba ikhoza kusaonetsa kanthu. Choncho mimba ikamakula mothamanga kusiyana ndi miyezi yake, musadikire tsiku la sikelo. Mwina madzi achuluka m'chiberekero, ndipo izi zimafunika kuunikanso.

Dokotala akaona chotupa amafuna kudziwa ngati ndi cholimba kapena chamadzi, komanso kuchuluka kwa magazi amene akulowamo. Apa mpofunika kwambiri: chotupa chamitsempha yambiri chimatopetsa kamtima ka mwana mpaka thupi lake kutupa ndi madzi. Ndiye mukaitanidwa ku sikani pafupipafupi musatope nazo. Pofuna kuona bwino malire a chotupa, amagwiritsa ntchito sikani ina yotchedwa MRI, yomwenso ilibe cheza choopsa. Koma sikani yotchedwa CT amaipewa momwe angathere kwa mayi woyembekezera, chifukwa ili ndi cheza.

Zonsezi n'zokonzekera tsiku lobereka. Chotupa chachikulu chakumsana chikhoza kung'ambika pobadwa, choncho mayi amachira kudzera pa opaleshoni. Chapakhosi chingatseke njira ya mpweya, ndiye akatswiri amayenera kukhala pomwepo mwana akamabadwa. Koma si chilichonse chofuna mpeni ayi. Zotupa zambiri za mu mtima zimaphwa zokha mwana akamakula.

Akabadwa amamuunikanso. Ubongo amauona poika kachipangizo ka sikani paliwombo, popeza mafupa amakhala asanatseke. Chotupacho ngati ndi khansa kapena ayi, kawirikawiri zimatsimikizika akapima kachidutswa kake ku labotale.

Mukaona chotupa pathupi la khanda, kapena kamimba kake kakutupa ndi kulimba, musachifinye kapena kuchiboola. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.