Phungu wosakuuzani chochita akugwira ntchito yanji?

Anthu ambiri akabwera ku uphungu amakhala ndi pempho limodzi, loti ndiuzeni chochita. Banjali ndilisiye kapena ndipirire, ntchitoyi ndichoke kapena ndikhale. Nde akaona kuti phungu sakunena inde kapena ayi amakhumudwa, ena mpaka amati nthawi yangotayika, munthu uja amangogwedeza mutu basi. Ine ntchito yanga ndi imeneyi, ndipo kusalangizako timachita dala. Ndi njira ya uphungu yomwe pa Chingerezi amaitchula person-centered therapy, yomwe imaika mwini nkhani patsogolo.

Anayambitsa ndi Carl Rogers, katswiri wa zamaganizo wa ku America yemwe anabadwa mu 1902 nkumwalira mu 1987. Ntchito anayambira ku Rochester, New York, kuthandiza ana ovutika ndi makolo awo, ndipo kumeneko anaona kuti olo iyeyo alimvetse bwanji vuto la munthu nkulifotokoza mwaluso, munthuyo sasuntha ngati sanalione yekha. Nthawi imeneyo otsatira Sigmund Freud, dokotala wa zamaganizo wa ku Austria, anali kalikiliki kumasulira maloto ndi zaubwana, ena ankangoyang'ana khalidwe looneka ndi maso ndi momwe angalisinthire, nde Rogers ndi anzake ngati Abraham Maslow anabwera ndi maganizo achitatu, oti munthu ali kale ndi mphamvu yokula nkukhala bwino bola apeze pomwe mphamvuyo ingatulukire. Buku lake la Client-Centered Therapy linatuluka mu 1951. Chomwe chimandisangalatsa ine ndi choti sanangolankhula, kumayambiriro a zaka za m'ma 1940 ankajambula mawu a zokambirana zake kuti anthu amve okha zomwe phungu amanena chitseko chikatsekedwa.

Mu 1957 analemba zinthu 6 zofunika kuti munthu asinthe, ndipo zitatu mwa izo ndi za phungu. Mwa zitatuzi, chovuta kwambiri kwa ine ndi cholandira munthu popanda kumuikira malire. Ambirife tinakula tikudziwa kuti timakondedwa tikakhoza mayeso, tikakhala chete, tikapanda kulira, nde timaphunzira kubisa mbali zina za ife eni mpaka kuiwala kuti zilipo. Munthu wotere akati "bambo anga anamwalira koma ine sindinamve chisoni, ndinamva kupepukidwa", amakhala akukuyang'ana kunkhope kuti aone ngati utsinye. Ukangotsinya olo pang'ono, kapena ukathamangira kunena kuti ayi musatero, anali kholo lanu, basi watseka pakamwa ndipo nkhani yeniyeni simudzaimvanso. Kumulandira sikutanthauza kuvomereza chilichonse chomwe wachita ayi, ungathe kudana ndi zomwe anachita koma osamutaya iyeyo.

China ndi kumva nkhaniyo momwe mwini wake akuimvera, kenako nkumubwezera zomwe wamva kuti atsimikize. Apa mpomwe anthu amatiseka kuti timangobwereza mawu, ndipo kunena zoona aphungu ena amaterodi, zimatopetsa. Koma tamvani izi. Mayi akuti, "Amuna anga ndi abwino, amagula chilichonse pakhomo, kungoti ndikamva akugogoda mtima umathamanga." Wongobwereza anena kuti amuna anu ndi abwino. Womvetsera anena kuti zikumveka ngati mumawayamikira, komanso pali mantha omwe simunawatchule. Mayi uja akhoza kukhala chete kwa kanthawi akupotokola kansalu m'manja, ndipo kacheteko sitikadula, kenako amvekere "eee, ndimaopa", mwina koyamba kuzinena mokweza. Akhozanso kukana kuti si mantha koma mkwiyo, nde wolondola ndi iyeyo, osati ine.

Chachitatu ndi choti phungu akhale weniweni, asamamwetulire pomwe mumtima wasokonezeka. Ngati sindinamve ndimanena kuti pamenepo ndasochera, tabwerezani.

Nanga bwanji osangolangiza? Chifukwa malangizo munthuyo wawamva kale kwa aliyense womuzungulira, ndipo akatsata anga zinthu nkulakwika adzaloza ine, zikayenda bwino adzabweranso ndi funso lina osaphunzira kudzikhulupirira.

Koma njirayi siichiza zonse. Rogers mwini anakaiyesa ku Wisconsin pa odwala matenda aakulu a maganizo otchedwa schizophrenia ndipo zotsatira sizinali zokoma monga ankayembekezera. Munthu akamamva mawu omwe ena sakuwamva, kapena ali ndi matenda okhumudwa aakulu oti sakudya sakudzuka, pamafunikanso dokotala ndipo nthawi zina mankhwala. Wina akanena kuti akufuna kudzipha, kapena zikaoneka kuti mayi uja akumenyedwa, sindingangogwedeza mutu, ndimafunsa mosapita m'mbali kuti wakonza chani komanso ngati ali pabwino kubwerera kunyumba, kenako timakambirana woti tim'dziwitse tsiku lomwelo.