Amayi 68 kapena 43 pa 100,000: nambala ya khansa imapezeka bwanji?

Ikabuka nkhani ya khansa ya khomo la chiberekero, pali nambala imodzi yomwe simalephera kutchulidwa pa wailesi ndi m'misonkhano ya zaumoyo: ku Malawi amayi pafupifupi 68 mwa amayi 100,000 alionse amayamba kudwala matendawa pa chaka. Nambalayi inachokera ku IARC, nthambi yofufuza za khansa ya WHO (bungwe loona zaumoyo padziko lonse) yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, mu lipoti lake la GLOBOCAN la 2020. Lipotilo linatiika pamalo achiwiri padziko lonse, kumbuyo kwa Eswatini. Linanenanso kuti m'chakacho odwala atsopano anali 4,145 ndipo omwalira anali 2,905.

Tsopano tengani foni yanu muwerengetse nokha. Mu 2020 anthu aakazi m'dziko muno, kuyambira khanda la kumsana mpaka agogo, analipo pafupifupi 9.7 miliyoni. Gawani 4,145 ndi 9.7 miliyoni, zotsatirazo muchulukitse ndi 100,000. Mupeza 43, osati 68. Kodi wina analakwitsa masamu? Ayi, zonse ziwiri n'zoona, kungoti zikuyankha mafunso osiyana.

Ya 43 ija ndi nambala yosakonza. Imangouza kuti pa gulu la anthu omwe alipodi, ndi angati anadwala. Woyang'anira chipatala akamaganiza za mabedi, mankhwala ndi anamwino, imeneyi ndiye yake. Koma mukafuna kuyerekeza Malawi ndi dziko lina, imasocheretsa, chifukwa khansa zambiri zimakonda anthu akuluakulu pomwe ife ndife dziko la ana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 44 mwa 100 alionse anali osafika zaka 15. Mtsikana wa sitandade 3 sadwala khansa ya khomo la chiberekero, komabe pogawa paja timamuwerengera. Ana ambirimbiriwa amaisungunula nambala monga madzi ochuluka amasungunulira mchere m'ndiwo. Ku Japan, komwe anthu oposa kota ali ndi zaka 65 kapena kuposa, zimachitika mosemphana: nambala yosakonza imakwera chifukwa cha ukalamba wokha.

Muyezo womwe IARC imagwiritsa ntchito pothetsa vutoli unachokera ku Japan komweko. Mu 1960 katswiri wina, Mitsuo Segi, anakonza mudzi wongopeka wa anthu 100,000, womwe Richard Doll ndi anzake anausintha pang'ono mu 1966. M'mudzimo ana osafika zaka 15 ndi 31,000, ndipo a zaka 65 kupita m'mwamba ndi 7,000. Timayamba tawerengetsa nambala ya msinkhu uliwonse payokha, a zaka 30 mpaka 34, a 35 mpaka 39, mpaka kumapeto. Kenako timafunsa kuti, anthu a m'mudzi wa Segi akanamadwala monga akudwalira Amalawi a misinkhu yomweyo, akanadwala angati? Yankho lake ndiye 68. M'malipoti mudzaiona italembedwa kuti ASR. Palibe boma lililonse m'dziko muno komwe mungawerenge ndi chala amayi 68 amenewa. Ntchito yake ndi kuika maiko onse pa sikelo imodzi.

Chomwe ine chimandidetsa nkhawa kwambiri si kugawako ayi, koma nambala ya pamwamba ija, 4,145. Ikuoneka ngati wina anawerenga mutu ndi mutu, pomwe ndi chiyerekezo. Kaundula wa khansa wotsata anthu a dera lonse, kwathu kuno, wakhala ali ku Blantyre kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ogwira ntchito yake amayenda m'mawodi ndi m'malabotale kukopera za wodwala aliyense watsopano, kuonetsetsa kuti munthu mmodzi asalembedwe kawiri ngakhale atapita zipatala zitatu, ndiponso kupatula amene anangobwera kudzalandira chithandizo kuchokera ku maboma ena. Munthu wa ku Mulanje akalembedwa ngati wa ku Blantyre, nambala ya Blantyre imafufuma. Zopezeka m'makaundula otere ndizo akatswiri amazitambasula kuti ziimire dziko lonse. Ndiye mayi wa kumudzi amene anataya magazi miyezi yambiri, n'kumwalira osapimidwa, salowa m'buku lililonse. Pa chifukwa chimenechi, ine ndikamaona nambala za khansa za maiko athu ano, ndimaganiza kuti mwina zachepa, osati kuti zachuluka.

Izi zimabala chodabwitsa china. Boma likakulitsa ntchito yopima amayi, kapena labotale yatsopano ikatsegulidwa, odwala olembedwa amachuluka, ndipo nyuzipepala zimathamangira kulemba kuti khansa yakula. Mwina matenda sanasinthe, koma maso ndi amene achuluka. Kuchuluka kwa anthu nakonso kumakweza chiwerengero cha odwala ngakhale chiopsezo cha munthu mmodzi chili pomwepo.

Musasokonezenso odwala atsopano ndi onse amene ali ndi matendawa lero. Chithandizo chikamayenda bwino, gulu lachiwirili limakula chifukwa anthu akukhala moyo nthawi yaitali.

Mu November 2020, WHO inakhazikitsa cholinga choti dziko lililonse litsitse khansa ya khomo la chiberekero kufika pansi pa amayi 4 mwa 100,000 pa chaka. Nambala yoyerekeza ndi 4 ameneyu ndi 68, osati 43. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Popeza khansayi imaonekera kwambiri mayi akapitirira zaka 30, atsikana oyambirirawo adzafika msinkhu umenewo cha m'ma 2040, ndipo m'pamene kaundula adzayambe kuonetsa bwino ntchito ya katemerayo.