Kinnah Phiri: kumwetsa zigoli ndi kuphunzitsa timu ndi ntchito ziwiri

Timu ikayamba kugonja motsatizana, masapota sachedwa kutchula dzina la katswiri wakale nkumati mpatseni ameneyu, mpira amaudziwa. Kawirikawiri malangizo otere amatha ndi misozi, chifukwa luso la m'miyendo silisamukira lokha m'mutu mwa osewera ena 11. Kinnah Phiri ndi mmodzi mwa ochepa amene adachita bwino mbali zonse ziwiri, ndipo mbiri yake imaonetsa bwino pamene ntchito ziwirizi zimasiyanirana.

Kinnah adabadwa mu 1954, ndipo m'zaka za m'ma 1970 adali womwetsa zigoli wa Bata Bullets ya ku Blantyre, Maule omwewa. Ku Flames adamwetsa zigoli 71 m'masewero opitirira 110, ndipo mpaka lero palibe Mmalawi amene wafikapo pamenepo. Adali m'gulu lija la mphunzitsi Ted Powell limene lidatenga chikho cha East and Central Africa Senior Challenge Cup kawiri motsatizana: mu 1978 kuno kumudzi pogonjetsa Zambia 3-2, ndi mu 1979 ku Kenya pogonjetsa eni bwalo 3-2. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 adapita ku Swaziland, dziko lomwe pano likutchedwa Eswatini, kukasewera ku Manzini Wanderers. Pamene Flames inkapita koyamba ku chikho cha Africa mu 1984 ku Ivory Coast, iye kudalibe. Chikho chimenecho adakachiona patatha zaka 26, atakhala pabenchi ngati mphunzitsi.

Womwetsa zigoli amaona bwalo kuchokera kutsogolo. Amawerenga mapazi a wotchinga mmodzi kapena awiri, amaona pamene goloboyi waima, basi. Zambiri amazichita osaganiza, ndipo ichi ndicho chimavutitsa akatswiri akakhala aphunzitsi: chinthu chimene thupi lawo linkachita lokha amalephera kuchigawa m'zidutswa zoti mnyamata wa luso lochepa aphunzire. Mphunzitsi ayenera kudziwa kuti wotchinga wa kumanja akakwera, ndani atseke mpata umene wasiya. Kuti pakona ndani agwira munthu, ndani aima pachitsulo. Kuti masewero ali Loweruka ndiye kuti zolimbitsa thupi zolemera zithe pofika Lachitatu, apo ayi osewera alowa m'bwalo miyendo ili yolemera. Nchifukwa chake bungwe la CAF lili ndi masitepe a ziphaso zauphunzitsi, D, C, B, A mpaka Pro, ndipo kumwetsa zigoli 71 sikulowa m'malo mwa zimene zimaphunzitsidwa kumeneko.

Umboni woti Kinnah ntchito yachiwiriyi adaiphunziradi udaoneka mu 2004. Chaka chimenecho Bullets inkatchedwa Bakili Bullets chifukwa cha thandizo la a Bakili Muluzi, ndipo ndalama zidalipo zolipirira maulendo ndi m'bindikiro. Timuyo idatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa nkufika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, momwe idakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Kuti mumvetse kulemera kwa gulu limenelo, Enyimba ndi Étoile ndiwo adakakumananso mu fainolo ya chaka chomwecho. Ndalama zidathandiza, inde, koma matimu ambiri a ndalama amatuluka m'ndime yoyamba. Mpikisano wa kwanu ndi kwathu umafuna mphunzitsi wodziwa kuti masewero ndi a mphindi 180, ndipo lamulo la nthawiyo linkapatsa mphamvu chigoli chomwetsa koyenda matimu akafanana zigoli. Atachoka ku Bullets adakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa, ndipo kumeneko ndi kumene bungwe la FAM lidakamutenga mu 2008, Stephen Constantine atatula pansi udindo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokoneza zinthu. Kuphunzitsa kalabu ndi kuphunzitsa timu ya dziko si ntchito imodzi. Ku kalabu osewera uli nawo tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri. Ukhoza kuwalimbitsa thupi, kusintha kaseweredwe pang'onopang'ono, kugula munthu wotseka pamene pakudontha. Ku timu ya dziko osewera si ako. Makalabu amawamasula pa masiku oikika ndi FIFA okha, ndipo osewera kunja amafika patangotsala masiku ochepa, ena atatopa ndi ulendo, ena atakhala pabenchi mwezi wonse, ena atavulala koma akubisa. M'masiku amenewo sungamuonjezere munthu mphamvu kapena luso. Zimene ungathe ndi zitatu: kusankha anthu oyenera, kuwaimika m'malo amene aliyense akudziwa ntchito yake, ndi kuyeserera mipira yoima, makona ndi mafirikiki. Mphunzitsi amene amafika ndi kaseweredwe katsopano m'bindikiro lililonse amangosokoneza anyamata.

Kinnah, pamodzi ndi omuthandiza Young Chimodzi ndi Jack Chamangwana, adasunga msana umodzi wa timu kwa nthawi yaitali: Swadick Sanudi pagolo, kaputeni Peter Mponda ndi James Sangala pakati kumbuyo, Elvis Kafoteka ndi Moses Chavula m'mbali, Joseph Kamwendo, Robert Ng'ambi, Davi Banda ndi Hellings Mwakasungula pakati, Esau Kanyenda, Russell Mwafulirwa ndi Chiukepo Msowoya kutsogolo. Ena ankamunena kuti safuna kuyesa magazi atsopano. Koma pamene nthawi yoyeserera ndi yochepa, kuzolowerana kwa osewera ndiko kumagwira ntchito ya maphunziro amene sadachitike.

China chimene adachimvetsa ndi masamu a mpikisano. M'ndime yoyamba ya magulu mu 2008, polimbirana malo ku chikho cha Africa cha 2010 ku Angola, Malawi idali ndi Egypt, DR Congo ndi Djibouti. Idapambana masewero onse atatu a pa Kamuzu Stadium: 8-1 ndi Djibouti, 1-0 ndi Egypt yomwe idali itangotenga chikho cha Africa chaka chomwecho, ndi 2-1 ndi DR Congo. Kuonjezapo kupambana kwa ku Djibouti, mapointi adakwana 12, okwanira kudutsa ngati imodzi mwa matimu achiwiri ochita bwino. M'ndime yotsiriza mu 2009 zinthu zidayamba moipa, Flames itakwapulidwa 5-0 ku Abidjan, tsiku lija anthu adafa popanikizana pabwalo. Idagonjanso kawiri ndi Burkina Faso komanso ku Conakry. Koma matimu atatu mwa anayi ndiwo ankapita ku Angola, kotero mdani weniweni adali Guinea, osati Ivory Coast ya Didier Drogba. Flames idagonjetsa Guinea 2-1 ku Blantyre, nkulepherana 1-1 ndi Ivory Coast pabwalo lomwelo. Mapointi anayi, onse opeza pakhomo, pamene Guinea idathera pa atatu. Zigoli zogonjetsa Egypt, DR Congo ndi Guinea zidachokera kwa Chiukepo Msowoya, amene Kinnah kawirikawiri ankamusungira chigawo chachiwiri, otchinga a adani atayamba kutopa. Nthawi imeneyo mphunzitsi ankaloledwa kusintha osewera atatu okha, ndiye kusunga mmodzi wa iwo ngati chida chomalizira kudali kuwerengera, osati mwayi.

Pa 11 January 2010 ku Luanda, Malawi idathambitsa Algeria 3-0, timu yomwe idali itapeza kale malo ku World Cup ya ku South Africa, komanso yomwe idagonjetsa Flames 3-0 mu 1984. Mwafulirwa, Kafoteka ndi Davi Banda ndiwo adamwetsa. Masewerowo adachitika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo a Algeria, ambiri a iwo osewera ku Ulaya komwe kudali chisanu, adafooka msanga. Flames idasewera mothinana, osasiya mipata pakati pa otchinga ndi apakati, nkumathamangira kutsogolo ikalanda mpira.

Zimene zidatsatira ndizo phunziro lalikulu kwa aliyense wofuna uphunzitsi. Flames idagonja 2-0 ndi Angola, akuluakulu a timu atadandaula kuti sadapatsidwe bwalo loyesererapo masewerowo asadachitike. Ngakhale zidali choncho, kulepherana kokha ndi Mali kukadakwanira, popeza Angola ndi Algeria adathera 0-0 ndipo Malawi ikadakhala pamwamba pa Algeria chifukwa idaigonjetsa. Koma isadathe mphindi yoyamba, mpira umene Sanudi adafuna kuuchotsa udakagwera kwa Frédéric Kanouté, yemwe adauponyera m'golo ali patali. Posakhalitsa Seydou Keita adaonjeza cha firikiki. Mphindi zisadakwane zisanu, pulani yonse yoteteza idali itagwa. Masewero adathera 3-1.

Vuto lomweli lidabweranso kumapeto ena a masewero. Pa ulendo wa chikho cha 2012, Malawi sidagonje m'masewero onse asanu ndi atatu a m'gulu lake, koma asanu ndi limodzi idangolepherana. Mu October 2011 ku N'Djamena idafunika kupambana basi, ndipo inkatsogola 2-1 mpaka Chad idabweza m'mphindi zoonjezera. Tunisia ndiyo idapita limodzi ndi Botswana. Kulepherana kumapatsa pointi imodzi, kupambana atatu. Timu yopambana kawiri nkugonja kamodzi imaposa yolepherana katatu ndi mapointi atatu. Kusamala kumene kudathandiza Kinnah polimbana ndi zimphona kudamupweteka pamene timu yake inkayenera kumaliza matimu ofanana nayo mphamvu.

Mphindi zoyamba ndi zotsiriza zimaphunzitsidwa, si tsoka. Pa mphindi khumi zoyamba za masewero ofuna pointi imodzi, goloboyi amauzidwa kuti mpira wovuta aziukankhira kutali chakumbali, osati pakati, ndipo apakati asachite mafaulo pafupi ndi bokosi. Pa mphindi zisanu zotsiriza ukutsogola, mpira umatengeredwa ku kona ya adani, wosintha wotsiriza amakhala munthu wamtali wothandiza pa mipira ya m'mwamba, ndipo mzere wa otchinga sumabwerera mpaka kukaima pa mapazi a goloboyi, chifukwa ukatero mpira uliwonse woponyedwa m'bokosi umasanduka ngozi. Izi zimayesereredwa pabwalo ndi wotchi m'manja: mphunzitsi amauza gulu limodzi kuti mukutsogola 1-0, kwatsala mphindi zisanu, linalo nkulionjezera wosewera mmodzi kuti lipanikize.

Palinso mbali imene mphunzitsi wa dziko sangaikonze yekha. Timu ya 2010 idakula limodzi ndipo idayamba kutha limodzi. Kulowetsa achinyamata kumafuna masewero apaubale ochuluka ndi matimu a achisodzera osewera kawirikawiri, zomwe zimadalira thumba la FAM ndi boma. Popanda zimenezo mphunzitsi amakakamira akale mpaka miyendo itawathera, chifukwa kuyesa mwana m'masewero a mapointi ndi kuika ntchito yake pachiswe. Ghana idatsekera Flames njira ya ku chikho cha 2013 poigonjetsa kwawo ndi kuno komwe, ndipo kumayambiriro kwa 2013 Kinnah adachotsedwa ntchito. Adabwereranso ku Free State Stars, kenako adakaphunzitsa Mbeya City ku Tanzania. Flames idadikira mpaka chikho cha 2021, chomwe chidaseweredwa ku Cameroon mu January 2022, kuti ibwererenso, itadutsa m'masewero opezera malo pansi pa Meck Mwase, yemwenso adaiseweretsapo Flames ngati wotchinga kumbuyo.