Galimoto ya hybrid sifuna soketi ya m'nyumba

Lamulungu lapitali ku Mufakose, titatuluka m'tchalitchi, malume anga analetsa mwana wawo kugula Toyota Aqua, galimoto ya hybrid, yomwe ili ndi injini ya petulo komanso mota yamagetsi. Anati: "Mwana iwe, magetsi akuzimazima chonchi, uziitchaja kuti?" Maganizo amenewa ndawamva kwa zaka zambiri pakati pa ife Amalawi okhala kuno ku Harare, ndipo amandiwawa, chifukwa akuwonongetsa anthu ndalama pa petulo.

Aqua, Prius wamba ndi Honda Fit Hybrid sizilumikizidwa kukhoma ayi. Mumathira petulo monga galimoto ina iliyonse. Batire lalikulu limadzitchaja lokha poyenda: injini imalipatsa mphamvu, ndipo mukaponda mabuleki, mota yamagetsi imasanduka jenereta n'kubwezera m'batiremo mphamvu imene ikanangotayika ngati kutentha. Komanso pamzere wa magalimoto mumsewu wa Samora Machel, mukaima injini imatha kuzima yokha, petulo osapsa pachabe. Nzeru imeneyi si yadzulo, Prius inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997.

Zolumikiza kukhoma zilipo, zimatchedwa plug-in hybrid, koma ndi mtundu wina.

Chimene malume akanadera nacho nkhawa ndi fumbi. Batire la Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo fani yoliziziritsa ikadzaza fumbi, batirelo limatentha n'kufooka msanga.