Compiler ikalakwitsa mwakachetechete

Pulogalamu yoyendetsa mabuleki a galimoto kapena zipangizo za m'ndege imalembedwa ndi anthu, kawirikawiri m'chinenero cha pakompyuta chotchedwa C. Koma purosesa, kachipangizo kamene kamayendetsa pulogalamuyo m'makinamo, siimva C. Pakati pa wolemba ndi makina pamakhala pulogalamu ina, compiler, imene imasandutsa zolembazo kukhala malamulo oti makina atsatire. Ili ngati womasulira m'khoti: akapotoza liwu limodzi, woweruza amagamula pa zimene mboni sinanene.

Compiler ikakanika n'kuima, vuto ndi laling'ono, poti aliyense waona. Choopsa n'chakuti imalize ntchito bwinobwino, osadandaula, koma itatulutsa malamulo olakwika. Injiniya angawerenge zolemba zake mpaka maso kuwawa osapeza kanthu, chifukwa cholakwacho sichili mmenemo.

Zimachitikadi. Mu 2011, gulu la John Regehr ku University of Utah linafalitsa zimene linapeza ndi chida chotchedwa Csmith. Chidachi chimapeka mapulogalamu a C ambirimbiri mwachisawawa, koma chimasamala kuti pulogalamu iliyonse ikhale ndi yankho limodzi basi. Pulogalamuyo amaidutsa m'ma compiler angapo n'kuyerekeza zotsatira. Zikasiyana, ndiye kuti ina yalakwitsa. Anapeza zolakwika zoposa 325, zambiri mu GCC ndi LLVM, ma compiler amene dziko lonse limadalira.

Imene inawasautsa ndi CompCert, ya Xavier Leroy wa ku INRIA, bungwe la kafukufuku wa zamakompyuta ku France. Gawo lake lalikulu linatsimikiziridwa ndi masamu, kudzera m'chida chofufuzira umboni wa masamu chimene chinkatchedwa Coq, kuti silisintha tanthauzo la pulogalamu. M'gawo limenelo Csmith sinapeze cholakwa. Zochepa zimene inapeza zinali m'zigawo zimene masamuwo anali asanafikeko. Ichi chimandikhudza kwambiri, chifukwa anthu akamva kuti chida "chinatsimikiziridwa" safunsanso kuti umboniwo ukulekezera pati.

N'chifukwa chake muyezo wa mapulogalamu a ndege, DO-178C, umafuna kuti pulogalamu iyesedwe itatuluka kale mu compiler, monga mmene idzagwirire ntchito m'ndegemo. Kwa opanga magalimoto, muyezo wa ISO 26262 umafuna kuti aunike ngati chida chilichonse chingalowetse cholakwa osadziwika. Choncho magulu osamala amasankha compiler imodzi n'kukhala nayo zaka. Akaisintha n'kuika yatsopano, kapena akangoiuza kuti izifulumizitsa pulogalamu mwanjira ina, mayeso amayambiranso, ngakhale zolemba za C asanazikhudze n'komwe.