"Borrow me" si Chingerezi cholondola

Pa msika wa Kamuzu Road ku Salima, ngakhalenso m'makalasi a Fomu 4, mumamva anthu akuti "borrow me your pen". Ambirife tinakula tikuganiza kuti mneni borrow amagwira mbali zonse ziwiri, kwa wopereka ndi kwa wolandira. Ayi ndithu. Ndipo zimandiwawa kuona mwana wanzeru akutaya malikisi pa mayeso a MSCE chifukwa cha kamneni kamodzi aka.

Gwero la chisokonezochi ndi Chichewa chathu chomwe. Timati "ndabwereka njinga kwa achimwene", komanso "achimwene, ndibwerekeni njinga". Kubwereka kukunyamula zonse. Chingerezi chimagawa pawiri: borrow ndi kutenga chinthu cha wina kuti udzabweze, pomwe lend ndi kupatsa wina chinthu chako kuti adzakubwezere.

Kumbukirani za ngongole, pakuti pamenepo nafenso timasiyanitsa bwino lomwe. Msodzi wa ku Senga Bay akakongola ndalama ku banki mkhonde kuti agulire ukonde, wachita borrow. Amayi a m'gulumo amene amukongoza, iwowo achita lend. Palibe Mchewa angasokoneze wokongola ndi wokongoza.

Choncho popempha nenani kuti "lend me your pen", kapena "may I borrow your pen?" Borrow amatsatidwa ndi chinthucho, mwini wake n'kubwera pambuyo pa from: "I borrowed a net from my uncle". Lend akamanena zakale amasanduka lent, osati lended.